Jakisoni wosaka khansa ya pakhungu: zilipo kale ndi ziti, zikuyesedwa ndi ziti?

Admin wa gulu:
Mwaswera bwanji nonse. Kavidiyo kaja kanaponyedwa pano Lolemba, konena za jakisoni yemwe akuti amasaka yekha khansa ya pakhungu, kuionetsa pa sikani kenako n'kuiwotcha, kafika mpaka kwa odwala. Anzathu a m'ma health centre akuti anthu akubwera nako pa foni n'kumafunsa komwe akubayira. Akuluakulu amene mumagwira ntchito imeneyi, tiuzeni zenizeni kuti tonse tiziyankha chimodzi.

Wa fizikisi ya kuchipatala:
Zikomo a Admin. Mankhwalawa alipodi, koma kavidiyoko kasakaniza zinthu zingapo zosiyana, ndiye ndiyambe ndi mmene amapangidwira.

Ali ndi mbali ziwiri zikuluzikulu. Yoyamba ndi kanthu kodziwa njira, komwe kamakamatirira pa chinthu chomwe selo ya khansa ili nacho chochuluka kuposa maselo ena. Yachiwiri ndi isotope, kanthu kotulutsa radiation. Pakati pake pamakhala chomangira choti ziwirizi zisasiyane m'magazi. Taganizani za wakabaza amene akuidziwa nyumba. Ulendo woyamba mwamupatsa tochi, inu muli patali mukuona pomwe waima. Ulendo wachiwiri wakabaza ndi yemweyo, njira ndi yomweyo, koma mwamupatsa moto.

Za tochi ndi technetium-99m, fluorine-18 ndi gallium-68. Kuwala kwake kumatuluka m'thupi n'kukafika pa kamera. Za moto ndi iodine-131, lutetium-177 yomwe mphamvu yake simapitirira mamilimita awiri kuchokera pomwe yakhala, ndi actinium-225 ndi lead-212 zomwe zimabweretsa radiation ya alpha, yoyenda kamtunda kosakwana 0.1 mm koma yodula DNA ya selo kotheratu.

Nzeruyi si yachilendo. Saul Hertz anayamba kuchiza chithokomiro ndi iodine wa radiation ku Boston mu 1941. Mankhwala a lutetium-177 otchedwa Lutathera anavomerezedwa ku America mu 2018 pa zotupa za neuroendocrine za m'mimba, ndipo anzake otchedwa Pluvicto mu 2022 pa khansa ya prostate. Pa khansa ya pakhungu, tochi ija ndi yokhazikika kale, koma moto wobaya mumtsempha ukadali pa kafukufuku.

Dokotala wa matenda a pakhungu:
Ndiwonjezepo msanga tisanapite patali. Tikati khansa ya pakhungu sititanthauza matenda amodzi, ndipo zomwe zimavuta ku Australia si zomwe zimadzaza mabenchi athu kuno.

Yochuluka kuno ndi Kaposi, makamaka mwa anthu omwe ali ndi HIV. Ikubwera ndi squamous cell, yomwe imagwira kwambiri abale athu achialubino kumaso, m'makutu, m'khosi ndi m'mikono, komanso imaphuka pa chipsera chakale cha moto kapena pa chilonda chomwe chakhala zaka osapola. Melanoma, khansa ya maselo opanga mtundu wa khungu, mwa munthu wakhungu lakuda simakonda kutuluka pamsana ayi. Imatuluka pansi pa phazi, pachidendene, m'chikhatho kapena pansi pa chikhadabo, malo omwe munthu sayang'anako ndipo akaonapo chakuda amati ndi munga kapena mwala unamulasa. Basal cell ndi Merkel cell ziliko koma ndi zosowa mwa ife.

Kavidiyo kaja kakunena za melanoma yokha. Wodwala Kaposi akafunsa, yankho ndi lakuti si zake.

Clinical officer, Area 25:
Adokotala, nanga tochi yomwe a fizikisi akuti ndi yokhazikikayo imagwira bwanji pa melanoma ya kuphazi?

Dokotala wa maopaleshoni:
Limenelo ndi langa. Melanoma ikayamba kuyenda, nthawi zambiri imayamba yafikira pa mwanabere mmodzi kapena awiri omwe amalandira madzi ochokera pamalo a chotupacho. Ameneyo ndiye timamutcha sentinel node, mwanabere wa pachipata. Akapezeka alibe khansa, anzake akuseri kwake nthawi zambiri amakhalanso alibe, ndipo wodwala wapulumuka ku opaleshoni yokokolola anabere onse, yomwe itha kusiya mwendo wotupa moyo wonse. Njirayi anaifalitsa Donald Morton mu 1992.

Timaichita melanoma ikakhala yokhuthala kuyambira cha pa 0.8 mm mpaka 1 mm kupita m'tsogolo, kapena ikakhala yopyapyala koma ya chilonda pamwamba, ndipo anabere asakumveka m'manja.

Kachitidwe kake nkaka. Wodwala amapita kaye ku nuclear medicine. Kumeneko amamubaya technetium-99m womangiriridwa ku tinthu tating'onoting'ono ta colloid, kapena mankhwala a tilmanocept omwe amamatirira pa maselo a m'mwanabere. Amabaya malo anayi mozungulira chotupa kapena chipsera cha biopsy (pomwe anatenga kanyama kokapima), patali theka la sentimita mpaka sentimita imodzi, 0.1 ml mpaka 0.2 ml pamalo alionse, m'kati mwa khungu lenilenilo kuti patukuke kachithuza. Kamera imayamba kujambula pomwepo, n'kudzajambulanso pakatha ola limodzi kapena awiri. Pomwe pawala amalembapo ndi inki pakhungu. Ku fiyeta timabayanso utoto wa buluu pamalo omwe aja, timacheka kabala kakang'ono pa chizindikiro, n'kulowetsa gamma probe, kachipangizo konga cholembera kolira kwambiri kakayandikira radiation. Mwanabere wolira kwambiri timachotsa n'kumuyeza ali kunja. Wina aliyense wofika pa 10 peresenti ya ameneyo, kapena wa buluu, kapena wolimba m'manja, amatulukanso.

Wa fizikisi ya kuchipatala:
Pa muyezo wake, chachikulu ndi nthawi ya opaleshoni. Technetium-99m imataya theka la mphamvu pa maola 6 alionse, ndiyo half-life yake. Mukabaya 2 koloko masana, opaleshoni n'kukhala 8 koloko mawa lake, padutsa maola 18 ndipo yatsala ndi gawo limodzi mwa magawo 8. Choncho wa mawa amabayidwa ochulukirapo kuposa wa lero. Wodwala akabwezedwa pa list chifukwa magazi akusowa kapena fiyeta yadzaza, n'kudikira tsiku lina, probe sidzamvanso kanthu ndipo zonse ziyambirenso.

Dokotala wa maopaleshoni:
Zoona. Ndipo zolakwika zina n'zambiri, ndizitchule chifukwa ndi pomwe anthu amapwetekera.

Singano ikalowa kwambiri mpaka m'mafuta a pansi pa khungu, mankhwala amayenda mochedwa kapena kulowera njira ina. Kadontho kakagwera pakhungu kapena pa nsalu, kamera imaonetsa mwanabere yemwe kulibe. Pamutu ndi m'khosi, pobayira pamakhala pafupi kwambiri ndi anabere moti kuwala kwa pobayira kumaphimba zonse, n'chifukwa chake pamenepo SPECT/CT, sikani yoonetsa malo enieni ndi kuya kwa pomwe pawala, imathandiza. Pachidendene musamangoyang'ana m'mphechepeche mokha, chifukwa madzi ena amayamba afikira kuseri kwa bondo, monganso a padzanja amatha kuima pachigongono asanafike m'khwapa.

Koma ziwiri izi ndiye zazikulu. Choyamba, mwanabere akadzaza ndi khansa amatsekeka, mankhwala amamulambalala n'kukawala pa mnzake wabwinobwino, zotsatira n'kubwera zoti palibe kanthu. Ndiye mwanabere womveka kale m'manja sachitidwa zimenezi, amafunika ultrasound ndi kumutenga ndi singano. Chachiwiri, wina akafulumira kudula chotupa motambalala n'kuphimba ndi khungu lochokera kwina, timisewu ta madzi tija tadulidwa, mapu asokonekera. Kudula kotambalala kumachitika tsiku limodzi ndi sentinel node, osati patsogolo pake.

Clinical officer, Area 25:
Pomwe palibe kamera ndi probe, utoto wokha sungakwane? Methylene blue amapezeka.

Dokotala wa maopaleshoni:
Ungathandize, achimwene, koma umaphonya kwambiri. Morton mwiniwake ndi utoto wokha ankampeza mwanabereyo pa maulendo pafupifupi 82 mwa 100. Utoto ndi technetium zikaphatikizana zimapitirira 95. Vuto la utoto ndi lakuti sukuuzani kocheka. Chotupa cha pamsana chitha kupita m'khwapa lamanja, lamanzere kapena m'mphechepeche, ndipo simungang'ambe konseko kukafuna buluu. Cha kuphazi n'chosavutirapo poti njira yake ndi yodziwika.

Methylene blue musamupereke kwa mayi woyembekezera, kwa wa vuto la magazi lobadwa nalo lotchedwa G6PD, kapena kwa amene akumwa mankhwala ngati fluoxetine. Mumuuziretu wodwala kuti mkodzo ukhala wobiriwira tsiku limodzi kapena awiri, ndipo wa anaesthesia adziwe kuti kamakina ka pachala katha kuonetsa oxygen wotsika pomwe munthu ali bwino. Isosulfan ndi patent blue nthawi zina amabweretsa allergy yoopsa, adrenaline akhale pafupi.

Wa ku labotale ya pathology:
Mwanabere ameneyu akafika kwa ife asamabwere ngati nyama wamba. Lembani pa fomu kuti ndi sentinel node wa melanoma, kuti adulidwe mapisi ambiri opyapyala n'kupakidwa utoto woonetsa maselo a melanoma, monga S100, SOX10 kapena Melan-A. Maselo a khansa amatha kukhala khumi okha pansi pa chikopa cha mwanabere, ndipo kudula kumodzi pakati kumawadumpha. Frozen section, kupima kwachangu wodwala akadali ku fiyeta, pa melanoma siyodalirika, ndi bwino kudikira.

Komanso akapezeka ndi khansa, masiku ano sikuti basi anabere onse atuluke. Kafukufuku wa MSLT-II wa mu 2017 anaonetsa kuti kukokolola onse nthawi yomweyo sikutalikitsa moyo poyerekeza ndi kumawayang'anira ndi ultrasound. Koma zimenezo zimayenda ngati wodwala azibweradi miyezi ingapo iliyonse. Wa kutali yemwe transport imamuvuta, dokotala aganize kawiri.

Admin wa gulu:
Nanga sikani ya thupi lonse ija, yoonetsa madontho owala ngati nyenyezi?

Namwino wa odwala khansa:
Imeneyo ndi PET/CT, ndipo mankhwala ake ndi FDG, shuga womangiriridwa fluorine-18. Melanoma imadya shuga mwadyera, ndiye imawala kwambiri. Imafunika pomwe khansa yafika kale m'anabere kapena tikukayikira kuti yafalikira. Pa kachotupa kopyapyala koyambirira ndi kuwononga ndalama chabe, chifukwa kanthu kochepera 5 mm simakaona bwino.

Wotumizidwa kunja kukapanga PET tizimukonzekeretsa asananyamuke, poti ambiri amabwezedwa pa zinthu zazing'ono. Asadye kanthu maola 6, koma madzi wamba amwe ambiri. Tiyi wa shuga ayi, Sobo ayi, chingamu ayi, drip ya dextrose ayi. Shuga wa m'magazi akhale pansi pa 11 mmol/L, kupanda kutero shuga wake yemwe amapikisana ndi mankhwala ndipo chotupa chimazilala. Wa matenda a shuga asabaye insulin maola anayi sikani isanachitike, chifukwa imakankhira mankhwala onse m'minofu, ndipo anene ngati akumwa metformin poti imawalitsa matumbo. Dzulo lake asagwire ntchito yolemetsa, asayende mtunda wautali. Avale zofunda, chifukwa akazizidwa mafuta ena a m'khosi ndi m'mapewa amawala ngati anabere odwala. Akabayidwa amagona phee ola lathunthu, osalankhula, osaseweretsa foni, kenako akodze asanakwere pa makina. Pa melanoma sikani iyambire pamutu mpaka ku zala za kumapazi, osalekezera m'ntchafu monga zimakhalira pa khansa zina. Akatuluka, maola 6 oyambirira asanyamule khanda kapena kukhala moyandikana ndi mayi woyembekezera.

Dokotala wa matenda a pakhungu:
Amayi afotokoza bwino. Ine nkhawa yanga ili pa kuwerenga zotsatira. FDG sadziwa khansa, amadziwa chodya shuga basi. TB imadya shuga. Anabere a munthu wa HIV yemwe viral load yake ndi yokwera amadya shuga. Chilonda cha opaleshoni ya masabata awiri apitawa chimadya shuga. Munthu wa kuno akakajambulidwa ku Johannesburg, Nairobi kapena ku India, kalata yomutumizira inene za TB, HIV, ma ARV ndi tsiku la opaleshoni yomaliza. Kadontho kowala m'mapapo kasamuchititse munthu kuuzidwa kuti khansa yafalikira asanapimidwe makhololo kapena kutengedwa kanyama. Kumuika wa TB yochizika pa gulu la ongodikira ndi kulakwa kowawa kwambiri.

Ubongo nawo umadya shuga wambiri mwachibadwa, ndiye PET simaona bwino zotupa za m'mutu, pomwe melanoma imakonda kupita kumeneko. Pamenepo ndi MRI.

Wa famase:
Funso lomwe abale a odwala amafunsa ndi lakuti bwanji osangoitanitsa FDG pa ndege. A fizikisi, muwawerengere.

Wa fizikisi ya kuchipatala:
Fluorine-18 half-life yake ndi mphindi 110. Amapangidwa ndi makina otchedwa cyclotron. Tiyerekeze wapangidwa ku Gauteng m'mawa. Kumupima ubwino, kumulongedza m'chotengera cha mtovu, kupita naye ku bwalo la ndege, kudikira, kuuluka maola awiri ndi kanthu, kutera ku KIA, mapepala, msewu wochokera ku Lumbadzi kufika m'tauni. Zonse zitayenda bwino ndi maola 7 kapena kuposa, ndipo pamenepo watsala pafupifupi gawo limodzi mwa 14 kapena kucheperapo. Ndege ikachedwa maola awiri watsikanso ndi theka. PET imafuna cyclotron yake pafupi.

Technetium ndi nkhani ina, ndipo ndiyo yotheka msanga. Simaitanitsa technetium mwiniwakeyo, mumaitanitsa jenereta, chibotolo cholemera cha mtovu chokhala ndi molybdenum-99 m'kati, yemwe half-life yake ndi maola 66. M'mawa uliwonse mumadutsitsamo saline n'kukama technetium watsopano, ngati ng'ombe. Mwayi wathu ndi wakuti molybdenum-99 amapangidwa pafupi, ku Pelindaba ku South Africa, mu reactor ya SAFARI-1. Koma jenereta ikafika Lachisanu masana n'kugona podikira mapepala mpaka Lolemba m'mawa, theka la zomwe mwalipira lapita osagwiritsa ntchito. Ikatha sabata imakhala yatsala ndi mphamvu yosakwana gawo limodzi mwa asanu. Ndiye pamafunika oda yokhazikika, forex yosadukiza, ndi odwala okonzedwa kale pa mndandanda.

Gallium-68 nayenso ali ndi jenereta, ya germanium-68 wa masiku 271, yomwe imatha miyezi yambiri.

Wa famase:
Ndipo zokamazo sizingobayidwa. Mkamo uliwonse umapimidwa ngati molybdenum wadutsira limodzi, ndipo asapitirire 0.15 kBq pa MBq iliyonse ya technetium (iyi ndi miyeso ya mphamvu ya radiation) pa nthawi yobaya, chifukwa ameneyo amakakhala m'chiwindi masiku ambiri popanda phindu. Aluminium asapitirire 10 microgram pa ml. Mukasakaniza ndi kiti ya colloid, mumadontheza pa kapepala ka chromatography kuona ngati 95 peresenti yamangiririkadi. Mpweya ukalowa m'botolo, technetium amamasuka n'kupita ku chithokomiro, m'malovu ndi m'mimba, chithunzi n'kukhala chabodza. Zonsezi zimafuna hot lab (chipinda chokonzera mankhwalawa), dose calibrator (makina oyezera mphamvu yake), magetsi osathima, mabaji oyezera radiation ya ogwira ntchito, ndi laisensi ya AERA, bungwe loyang'anira za radiation m'dziko muno, pansi pa lamulo la Atomic Energy Act la 2011. Masirinji ndi magolovesi ogwiritsa ntchito amasungidwa m'chipinda chotchinga kwa ma half-life khumi asanapite ku zinyalala zina. Pa technetium ndi masiku awiri ndi theka, pa lutetium-177 ndi miyezi iwiri ndi kanthu.

Admin wa gulu:
Tamva za tochi. Tsopano moto uja, womwe anthu akuufuna?

Dokotala wa khansa:
Pepani ndalowa mochedwa. Pa melanoma palibe jakisoni wa radiation wobaya mumtsempha yemwe wavomerezedwa ngati chithandizo cha tsiku ndi tsiku. Zomwe zilipo ndi zoyesa, ndipo njira zodziwika ndi ziwiri.

Yoyamba ikulondola kachitseko ka pa selo kotchedwa MC1R, komwe mahomoni olamula mtundu wa khungu amamatirira, ndipo melanoma zambiri zili nato tochuluka. Mankhwala otchedwa VMT01 ku America amagwiritsa ntchito lead-203 pojambula ndi lead-212 pochiza. Ubwino wake ndi wakuti ziwirizi ndi mtovu womwewo, choncho komwe wojambula wapita ndi komwe wochiza apite. Wodwala amayamba wajambulidwa. Zotupa zikapanda kuwala, salandira chithandizocho chifukwa chingangomuwononga impso pachabe. Lead-212 half-life yake ndi maola 10.6, ndiye naye sayenda ulendo wautali.

Yachiwiri ikulondola melanin mwiniwakeyo, chinthu chodetsa khungu. Ku Clermont-Ferrand ku France anapanga mankhwala a gulu la benzamide omangiriridwa iodine-131. Ekaterina Dadachova ndi anzake anayesa antibody yomatirira melanin yokhala ndi rhenium-188.

Chomwe chimavuta njira zonsezi ndi chakuti melanoma simafanana m'thupi limodzi. Chotupa china chakuda bii, china m'chiwindi chotuwa chopanda melanin n'komwe. China chili ndi MC1R wambiri, china chasiya kumupanga. Chomwe sichinawale chimapitiriza kukula.

Namwino wa odwala khansa:
Adokotala, pamenepo ndaima. Ngati mankhwala akusaka melanin, ife khungu lathu lonse ndi melanin. Sangatiwotche thupi lonse?

Dokotala wa khansa:
Funso lenileni limenelo, amayi. Pa antibody ija yankho lilipo: ndi yaikulu moti silowa m'selo yamoyo. Melanin wa khungu labwino amakhala atatsekeredwa m'kati mwa maselo, pomwe m'chotupa maselo ambiri amafa n'kuphulika, melanin n'kukhala pamtetete. Ndiye antibody imapeza wa m'chotupa yekha. Benzamide ndi wamng'ono, amalowa m'maselo, ndipo pa mbewa zakuda anaoneka akuunjikana m'maso, momwe muli melanin wambiri. N'chifukwa chake pa mankhwala amenewa muyezo wa radiation yofika m'maso umawerengedwa mosamala. Ine ndimaona kuti mankhwala otere asadzabwere kuno ndi muyezo wopimidwa pa azungu okha. Anthu akhungu lakuda ayenera kukhalamo m'kafukufuku kuyambira pachiyambi, ndipo a komiti zathu zounika kafukufuku azifunsa zimenezi.

Chomwe chasinthadi moyo wa odwala melanoma yofalikira ndi immunotherapy, mankhwala odzutsa chitetezo cha m'thupi kuti chilimbane ndi khansa: ipilimumab kuyambira 2011, pembrolizumab ndi nivolumab kuyambira 2014, komanso mapiritsi a dabrafenib ndi trametinib kwa omwe chotupa chawo chili ndi kusintha kwa jini yotchedwa BRAF. Tsoka lake, melanoma ya kuphazi simakhala ndi BRAF kawirikawiri ngati ya padzuwa, ndipo imamva immunotherapy mocheperapo. Mtengo wake nawo ndi wosayamba. Banja lomwe lasonkha ndalama lifunse kaye za izi lisanathamangire zoyesa.

Merkel cell ndi yomwe ili pafupi ndi mankhwala omwe alipo kale, poti zambiri zili ndi tizitseko (ma receptor) ta homoni ya somatostatin. Amajambula ndi gallium-68 DOTATATE, yomwe imamatirira pa tizitseko timeneti, ikawala ena ayesapo lutetium-177 DOTATATE. Muyezo wodziwika pa zotupa za m'mimba ndi 7.4 GBq kanayi, motalikirana masabata 8, limodzi ndi drip ya lysine ndi arginine yoyamba mphindi 30 mankhwala asanalowe n'kuyenda maola anayi kuteteza impso. Drip imeneyo imachititsa nseru, mankhwala oletsa kusanza ayambe kuperekedwa. Magazi amapimidwa ulendo uliwonse chifukwa ma platelet ndi maselo oyera amatsika. Koma ngakhale pa Merkel, choyamba ndi opaleshoni, radiotherapy ndi mankhwala ngati avelumab.

Dokotala wa matenda a pakhungu:
Pali china chomwe kavidiyo sikanatchule koma chikutikhudza kuposa zonsezi, makamaka poganizira abale achialubino, omwe kalembera wa 2018 anawapeza oposa 134,000. Ndi phala la rhenium-188 lopaka pamwamba, lomwe kampani ya OncoBeta ya ku Germany imalitcha Rhenium-SCT. Silibayidwa, ndipo silisaka lokha. Amalilondolera ndi dzanja la dokotala.

Amayamba ndi biopsy kuti adziwe mtundu ndi kuya kwa chotupa. Chikhale basal cell kapena squamous cell chosapitirira 3 mm kuya. Amachotsa nkhanambo, kujambula malire n'kuwonjezera mamilimita angapo kuzungulira, kuyeza kukula kwa malowo, n'kumatapo kapulasitiki kopyapyala kuti phala lisakhudze khungu. Phalalo amapaka pamwamba pa kapulasitikiko. A fizikisi amawerengera nthawi kuchokera pa kuya, kukula ndi mphamvu ya phala, kawirikawiri pakati pa mphindi 45 ndi maola atatu. Nthawi ikakwana amamatula zonse pamodzi, ndipo wodwala amapita kwawo alibe radiation m'thupi. Pamalopo pamafiira, pamatuluka timadzi, pamachita nkhanambo, n'kupola m'masabata angapo mpaka miyezi iwiri kapena itatu. Pamphuno, pakhutu ndi pafupi ndi diso, pomwe mpeni ungasiye munthu atapunduka nkhope, njirayi ili ndi phindu looneka.

Dokotala wa maopaleshoni:
Apa ndisiyana nanu pang'ono, achemwali. Mamilimita atatu ndi ochepa kwambiri. Wachialubino wofika ku Kamuzu Central Hospital ndi chilonda cha pakhutu nthawi zambiri chadya kale chichereŵechereŵe, china chafika pa fupa. Mukapaka phala pa chotupa cha 6 mm, pamwamba papola bwinobwino, pansi khansa ikupitirira, ndipo idzaonekera itafika m'anabere a m'khosi. Biopsy ya pakona imodzi ithanso kunena 2 mm pomwe pakati pali 5. Mpeni uli ndi ubwino umodzi womwe phala lilibe: a labotale amatiuza ngati malire ayera.

Dokotala wa matenda a pakhungu:
Sindikukana, achimwene. N'chifukwa chake phalali ndi la tizotupa toyambirira, ndipo pa melanoma silipakidwa n'komwe. Koma wachialubino sadwala kamodzi. Chaka chino patsaya, chaka chamawa pamphumi, kenako pamlomo, ndipo khungu lodulamo limatha. Ma clinic oyendayenda ngati a Standing Voice, mogwirizana ndi APAM, bungwe la anthu achialubino, ndi unduna wa zaumoyo, akamawapeza msanga, tizotupa tosaya tikhala tochuluka, ndipo ndi pomwe njira yosacheka idzafunike. Pakadali pano zouma zokhakhala zija, zomwe sizinasanduke khansa, timaziwotcha ndi kuzizira koopsa (cryotherapy), ndipo mafuta oteteza ku dzuwa, chipewa cha khonde ndi malaya a manja aatali zikadali patsogolo.

Wa fizikisi ya kuchipatala:
Pa kayendedwe, rhenium-188 half-life yake ndi maola 17, koma amachokera mu jenereta ya tungsten-188 wa masiku 69. Masamu ake amalola dziko lopanda reactor. Radiation yake ndi beta yamphamvu, choncho zala za wopaka ndi zomwe zili pachiopsezo, amagwiritsa ntchito chogwirira chachitali chotchinga ndi mphete yoyezera pachala.

Tisasokonezenso ndi makina a radiotherapy a ku National Cancer Centre pa Central, omwe IAEA, bungwe la padziko lonse la za nyukiliya, yathandizapo kudzera mu pologalamu ya Rays of Hope yomwe inayamba mu 2022 Malawi ali m'gulu la maiko oyamba. Amenewo amaponya radiation kuchokera kunja, wodwala sabayidwa kanthu ndipo satuluka nayo. Pa squamous cell yaikulu, pa malire osayera, ndi pa Kaposi wopweteka pamalo amodzi, amenewo ndiye ntchito yawo.

Dokotala wa khansa:
Ndipo wa Kaposi wofalikira, ma ARV ndi chemotherapy. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2020, yemwe odwala a kuno anatengapo mbali, anaonetsa kuti paclitaxel amaposa bleomycin ndi vincristine komanso etoposide wakumwa.

Clinical officer, Area 25:
Zamveka, akuluakulu. Ndiye munthu wabwera mawa ndi chakuda pansi pa phazi, chikukula, m'mbali mwake mosalongosoka. Ndichite chiyani kuti ndisawonongere a maopaleshoni mapu aja?

Dokotala wa maopaleshoni:
Musachiwotche, musachipale ngati chikanga, musachipatse maantibayotiki n'kumuuza abwere mwezi wamawa. Gwirani m'mphechepeche ndi kuseri kwa bondo, lembani zomwe mwamva. Jambulani chithunzi rula ili pambali. Ngati n'chaching'ono ndipo muli ndi luso, chotsani chonse ndi malire a 1 mm mpaka 3 mm okha, mozama kufika m'mafuta, bala litsate kutalika kwa mwendo, n'kusoka mwachindunji. Ngati n'chachikulu, tengani kanyama ndi kachipangizo kobowola ka punch pamalo okhuthala kwambiri, kapena tumizani osachigwira. Kudula kotambalala tisiyireni, chifukwa kumadalira muyezo wa a labotale: sentimita imodzi chikakhala chosapitirira 1 mm, imodzi mpaka awiri pakati pa 1 ndi 2 mm, awiri chikapitirira 2 mm.

Clinical officer, Area 25:
Formalin akakhala kuti watha, spirit kapena saline sizingasunge mpaka chifike?

Wa ku labotale ya pathology:
Ayi ndithu. Mu saline nyama imaola pakangopita maola ochepa, ndipo spirit amaikwinyitsa n'kusokoneza utoto wathu, kukhuthala kwake sikungayezekenso bwino. Pamafunika formalin wa 10 peresenti, wochuluka kakhumi kuposa nyamayo, m'botolo la kukamwa kwakukulu kuti ikauma isakanirire potuluka. Dzina ndi tsiku mulembe pabotolo penipeni osati pachivindikiro, ndipo pa fomu muike phazi liti, malo ati, ndi nambala ya foni yomwe ikugwira. Formalin akasowa, musadule. Mutumizeni wodwalayo tsiku lomwelo ndi kalata.